Kalasi Yomwe Inkakhala Chete ku Ndirande

Ana inu, tabwerani kuno mukhale pansi. Iwe Tadala, tseka bukulo, wandiwerengera kale ndipo ndakumva. Wathamanga nalo tsamba lonse ngati minibasi yolimbirana anthu pa Chemusa, osapuma n'komwe, koma nditakufunsa kuti nanga munthu wa m'nkhaniyo analira chifukwa chiyani, wandiyankha kuti, "Zimenezo m'buku mulibe, agogo." Sindikukukalipira ayi, usatupitse masaya. Yankho limenelo ndalimva kwa ana ochuluka kuposa imvi zili m'mutu mwangamu. Kungoti landikumbutsa mtsikana wina wa ku Ndirande, dzina lake Felesta, ndipo poti magetsi athima chim'mawa ndipo mafoni anu afa, lero mundimvera mufune musafune.

Ine kuwerenga ndinaphunzira kwathu ku Nsanje, pasukulu ya mishoni. Inu mumalira kope likatha. Ife tinali ndi sileti, ndipo ena analibe ndi siletiyo yomwe, ankalemba ndi chala pamchenga, mchenga wake wotentha woti n'kukazingirapo mtedza. Aphunzitsi ankayamba, ife n'kumatsatira mokuwa, mpaka tsamba lonse litakhazikika m'mutu. Ukanatha kundipatsa buku lozondoka, ine n'kuwerengabe osaphonya liwu. Bambo anga akamadutsa ndi nkhafi yawo yopalasira bwato kupita kudambo, akamva phokoso lathu, ankabwera kunyumba ali okondwa kuti mwana akuphunzira. Sindiwanena. Iwo sanapondepo m'kalasi, ndiye sukulu akanaiyeza ndi chiyani kupatula makutu?

Ku Blantyre kuno tinabwera pasitima, isanaleke kufika kwathu. Inu sitima mumangoiona ikudutsa ndi katundu. Ife tinakhalamo tsiku lathunthu, ine ndi malemu agogo anu aakazi, titanyamula mphasa, mbaula ndi mtolo wa milamba youma umene unanunkhitsa bogi yonse. Titatsika ku Limbe tinapeza chiperoni, agogo anu n'kuyamba kulira kuti ndawabweretsa kudziko lopanda dzuwa. Anadzazolowera, mpaka kumaseka abale a kwathu akabwera n'kuvala majuzi awiri masana. Ndinaphunzitsa ku Bangwe, kenako ku Zingwangwa, ndipo zaka za m'ma 2000 zikuyamba ananditumiza ku Ndirande. Dzina la sukuluyo sinditchula, ena mwa anthu ake akadali moyo.

Nthawi imeneyo sukulu inali itakhala yaulere ndipo ana anali atasefukira. Sitandade 5 yanga inali ndi ana opitirira zana, okhala pansi pasimenti yokumbika, miyendo yopingasana, moti kuti ndifike kumbuyo ndinkachita kupempha njira. Buku limodzi ankaunjikirana gulu, ena akuliwerenga chammbali. Mpanda panalibe. Njira yopita kumsika inkadutsa m'munsi mwa mazenera enieni, ndipo tsiku lonse munkapita anthu: amayi a zitumbuwa, amisiri osenza zidebe ndi mbaula zokhoma kumene, azibambo okankha njinga za makala. Ambiri mwa iwo anali makolo a ana omwewo. Akamva kalasi ikugwedeza malata ndi kuwerenga kwa pamodzi, ankauzana kuti apo ndiye pali thicha.

Chimene chinandisintha ine chinali chaching'ono. Tsiku lina kumphakati, kuja Akatolika a dera limodzi timasonkhana kupemphera pakhomo pa mnzathu, mwana wa m'kalasi mwanga anawerenga mawu a Mulungu mokoma zedi, amayi mpaka kumuimbira nthungululu. Pobwerera ndinamufunsa mocheza kuti kodi amene amayankhula m'mawu aja ndani, nanga amauza yani. Anangondiyang'ana. Mawu onse anatuluka bwinobwino pakamwa pake, koma m'mutu sanadzeremo. Mtima unandiwawa sabata yonse.

Kuyambira pamenepo phunziro la kuwerenga ndinayamba kulikonza mwa njira ina. Lamlungu tikaweruka ku Misa ndinkakhala pakhonde ndi thumba la simenti lopanda kanthu, lija la pepala la khaki limene inu simunalionepo, n'kulikuntha fumbi, n'kuling'amba kuti likhale chipepala chachikulu. Pamenepo ndinkalembapo nkhani yangayanga, zilembo zikuluzikulu zoti ndi wakumbuyo yemwe aone. Koma nkhaniyo sinali poyambira. Ndinkayamba ndi funso lomaliza, lija ndikufuna kuti ana adzalimbane nalo Lachisanu, kenako n'kumabwerera m'mbuyo: kuti mwana adzafike pamenepo, Lachinayi akhale atadziwa chiyani, nanga Lolemba ndiyambire pati? Mafunso a masiku oyamba ankakhala ofewa, yankho lili poyera pachipepalapo, kuti ndi wofooka yemwe alaweko kukhoza. Pakati pa sabata ndinkabweretsa ena amene yankho lake silinalembedwe koma lasiya mapazi, ofuna kuti mwana alumikize chiganizo ichi ndi icho. Ndipo aliyense woyankha, kaya wakhoza kaya walakwa, ndinkamuuza kuti, "Waona pati? Pita ukaloze."

Agogo anu ankandiseka uku akupeta mpunga. "Bambo a Antonyo," ankatero, Antonyoyo ndi bambo ako iwe Tadala, nthawi imeneyo akuyenda ndi kabudula wong'ambika kumbuyo, "anzanu amangokopera lesoni pulani ya chaka chatha n'kusintha deti. Inu mwakhala apa chiwerukire, kodi mukulemba malamulo a dziko? Ndiwo zikuzizira." Ankanena choncho, koma matumba a simentiwo ankakandipemphera ndi iwo omwe kwa omanga nyumba.

Chimene chinandipalamulira mlandu ndi liwu limodzi lomwe ndinkalemba mu pulani pambuyo pa funso lililonse lolimba: dikira. Ndinali nditaona kuti ukafunsa n'kuloza woyamba kukweza mkono, amayankha ndi ana omwewo a kutsogolo chaka chonse, enawo amangoyembekeza kuti abwereze. Ndiye ndinaika lamulo lakuti ndikafunsa, mkono usakwere, pakamwa pasatseguke, aliyense ayambe waganiza. Ine ndinkakaima pakhomo manja kumbuyo. Masiku oyamba ankaseka, ena kutsinana, ena kupempha kupita panja. Kenako anazolowera, ndipo chigulu chonse chija chinkakhala zii, mpaka kumamveka nyundo za okhoma zidebe kutsidya kwa msewu. Ana inu, ndamva makwaya ndi ng'oma zambiri m'moyo mwanga, koma palibe chimene chinandikomera m'makutu kuposa kachetechete ameneyo.

Felesta ankakhala kumbuyo kwenikweni, pakona pamene denga linkadontha. Anali wamkulupo kuposa anzake chifukwa anabwereza kalasi, wamtali, wa yunifomu yomuthina m'khwapa. Anzake akamawerenga pamodzi iye ankangogwedeza milomo, mawu osatuluka. Aphunzitsi ena ankati mutu wake ndi wouma, ena ankati mwina samva bwino. Ine mawu ake ndinali ndisanawamvepo, chifukwa ngakhale poitana maina ankangokweza chala. Mayi ake, amasiye ochokera ku Phalombe, ankagulitsa nkhuni m'mbali mwa njira ija, ndipo kochokera nkhunizo aliyense ankakudziwa. Phiri la Ndirande mukuliona lili mpala lija linali ndi mitengo. Tinalimeta ndife tomwe, ena ndi nkhwangwa, ena ndi mapoto athu.

Nyengo ya mvula chaka chimenecho ndinalemba nkhani ya mayi wina amene ndinamutcha Nasiwelo. Mwamuna wake atamwalira, ana akugona ndi njala, anadzuka m'mamawa, n'kudzera njira ya kuseri kwa tchalitchi, kukadula mtengo womaliza kumtunda kwa nyumba za anthu. Anagulitsa nkhuni, ana anadya. Mvula itabwera, madzi anatsika ndi matope n'kugwetsa khoma la nyumba ya neba wake, nkhalamba imene inkamusungira ana iye akapita kumsika. Nkhani inathera pomwepo, Nasiwelo ataima panja akuyang'ana khomalo. Phunziro la nkhaniyo sindinalembe kumapeto, dala. Ana ambiri m'kalasi ija ankadya za m'phiri, ndipo ndinkafuna nkhani imene iwo akuidziwa ndi m'mimba momwe. M'munsi mwa chipepala ndinangolemba funso la Lachisanu, kuti aziyenda nalo sabata yonse: kodi Nasiwelo analakwa?

Lolemba ndi Lachiwiri tinayenda bwino ndi mafunso ofewa aja. Lachitatu ndinafunsa kuti n'chifukwa chiyani Nasiwelo anapita m'mamawa, ndipo ndinakaima pakhomo panga paja. Nditawalola, wina anati, "Sala, ankathawa dzuwa." Sala ndi mmene ana ankaitanira mphunzitsi wamwamuna. Wina anati, "Ankaopa alonda a nkhalango, Sala." Ndinavomera onsewo. Ndikanatha kupitirira, koma ndinadikiranso. Ndipo kumbuyo pakona ndinaona chala chitakwera mpaka paphewa pokha.

"Felesta?"

Kalasi yonse inatembenuka.

"Ankachita manyazi," anatero. Mawu ake anali aang'ono, osasa ngati a munthu wongodzuka kumene. Ena anayamba kuseka, ndinawaletsa ndi diso.

"Waona pati? Bwera udzaloze."

Anadzuka, n'kulumpha miyendo ya anzake ulendo wonse kuchokera kumbuyo, n'kudzaika chala pa mawu akuti kuseri kwa tchalitchi.

"Akanadzera kutsogolo, azimayi osesa patchalitchi akanamuona," anatero. "Alonda sakhala kutchalitchi, Sala."

Mawu amenewo ndinawaikamo dala Lamlungu lija pakhonde, ndikukayika ngati alipo mwana amene adzawaponde. Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndinachita kutembenukira kubolodi n'kumafufuta pamene panalibe cholembedwa. Poweruka Felesta anadutsa pafupi nane, maso ali pansi, n'kunena kuti, "Sala, la Lachisanu lija ndiyankha ine." Ndinafika kunyumba ndikuimba nyimbo za Misa, agogo anu n'kundifunsa ngati ndamwa.

M'mawa mwake, Lachinayi, anandiitanitsa ku ofesi ya ahedi. Manong'onong'o ndinali nditawamva kale koma ndinkawataya kunkhongo. Ndinapeza mwakhala tcheyamani wa komiti ya makolo, a Makwinja, amene anali ndi golosale moyang'anizana ndi zenera langa, ndi makolo ena angapo. Pansi pafupi ndi chitseko panakhala mayi ake a Felesta.

"A Zuze, khalani apo," anatero ahedi. "Pali kapulobulemu pang'ono. Makolo akudandaula."

A Makwinja sanazungulire. "Ife sitinabwere kudzayambana nanu, aphunzitsi. Koma ine golosale yanga ili pompa. Makalasi ena onse timawamva kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Yanu ili zii ngati pasiwa. Ndikasuzumira, inu mwaima pakhomo manja kumbuyo, ana angokhala. Ndiye boma limakulipirani kuti muziona anthu odutsa?"

"Anawo amakhala akuganiza, bambo," ndinatero. "Ndimakhala nditawafunsa funso."

"Kuganiza azikaganiza kwawo. Kuno timawatumiza kuti aziwerenga."

Kenako anayankhula mayi aja, manja ali pachifuwa. "Pepani aphunzitsi, ine sukulu sindinapiteko. Wanga uja anabwereza kale. Kuyankhula sayankhula, ndiye mukamamukhazikanso chete, pakamwa adzatsegula liti? Kope lake ndikalitsegula, mochonga ndi bolopeni yofiira ndi mochepa, osati ngati a anzake a kalasi inayo. Akalepheranso chaka chino ndimutulutsa basi, azikandithandiza kusenza."

"Mayi, mwana wanu dzulo anayankhula. Anayankha funso limene linakanika anzake onse."

"Ine sindinamumve," anatero. "Ndinali panjirapo tsiku lonse."

Ndikanawauza chimene mwanayo ananena. Koma ndikananena bwanji pamaso pa anthu, kwa mayi wogulitsa nkhuni za m'phiri, kuti mwana wanu wati munthu wotere amayenda ndi manyazi? M'malo mwake mkwiyo wanga wa ku Nsanje unakwera, ndipo ndinauza a Makwinja kuti ngati sukulu ndi phokoso, akatenge makondakitala a minibasi adzaphunzitse. Musaseke, sizinandithandize.

Makolo atatuluka, ahedi anatseka chitseko. Sanali munthu woipa, anali munthu wotopa. "Achimwene, ine ndikukumvetsani," anatero. "Koma komiti imeneyi ndi imene ikuumba njerwa za buloko yatsopano ya makalasi. Ndikayambana nawo, ana akhala panja mpaka liti? Kuyambira mawa mupite ku Sitandade 2, kumafunika munthu woleza mtima. Kalasi yanu atenga thicha watsopano uja."

"Mundilole mawa lokha, ahedi. Piriyodi imodzi ya Chichewa basi. Ndikatero ndichoka ndekha, osakuvutitsaninso."

"Sore, a Zuze. Atcheya mawa adzakhala pagolosale pawo akumvetsera."

Thicha watsopanoyo anali wongochoka kumene ku koleji, waulemu, wa taye ngakhale kukutentha. Anandipeza ndikutolera choko changa n'kundifunsa kuti, "Bambo, chipepalachi ndichotse?" Ndinati achisiye. "Funso lili m'munsilo mukafunse mawa. Mukafunsa, mudikire." Anati, "Ndidikire chiyani, bambo?" Ndinati, "Mudikire basi." Anavomera ndi mutu. Koma chimene anandichotsera ine m'kalasimo anali atachimva, ndipo ntchito anali atangoiyamba.

Sitandade 2 inalibe chipinda, tinkaphunzira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi yanga yakale ija. Lachisanu limenelo mvula inali itakata, pansi pali chinyontho, tiana titakhalira timiyala ndi timapepala ta shuga. Ndinawapatsa zoti alembe, ine makutu ali kukhoma. Ndinamva nkhani ya Nasiwelo ikuwerengedwa ndi kalasi yonse pamodzi, malata akunjenjemera. Kenako mawu a thicha uja: "Kodi Nasiwelo analakwa?"

Munakhala chete. Ana anga aja anali akuchita monga ndinawazoloweretsa. Koma kwa thichayo, ndi zenera lotsegula loyang'ana kugolosale, kachetecheteyo anatalika msanga.

"Analakwa! Tonse pamodzi!"

"Analakwa!"

"Chifukwa chiyani? Chifukwa kudula mitengo n'koipa. Tonse!"

"Kudula mitengo n'koipa!"

"Kumbuyoko sindikumva. Iwe wamtaliwe, taimirira. Kweza mawu!"

Ndipo ndinamva mawu osasa aja, okhaokha. "Nasiwelo analakwa. Kudula mitengo n'koipa."

"Kwezanso!"

Anakweza, mpaka anamveka kumsewu. Kalasi inamuombera m'manja.

Mayi ake a Felesta anali ataima panjira m'munsi mwa zenera, mtolo uli pamutu. Anabwera kumtengo kwanga akuthamanga pang'ono, nkhope yonse ili mwee. "Aphunzitsi, mwamumva? Ndi wanga ameneyo! Mpaka panjira pano ndamumva ndekha!" Sananene mondinyoza ayi, ankafuna tikondwere limodzi. Ndinati ndamumva, mayi.

Ku Sitandade 2 ndinakhalako mpaka kupuma ntchito. Tiana take ndinkatikonda, koma matumba a simenti ndinaleka kung'amba, ndipo agogo anu anasiya kundiseka Lamlungu, ankangondiyang'ana ndikakhala pakhonde manja ali lende. Chakumapeto kwenikweni, m'zaka za m'ma 2010, anatiitana aphunzitsi kumaphunziro ena ku Chilomoni, kumene achinyamata ovala bwino anatiuza kuti masiku ano mwana azipatsidwa mpata woganiza asanayankhe. Anatipatsa zakumwa ndi mabanzi, tinaomba m'manja. Ine ndinalemba zonse m'kope ngati ndikuzimva koyamba. Felesta anakhoza chaka chija, anapitirirako pang'ono, kenako ndinamva kuti anakwatiwa ku Machinjiri. Mwina akanakhoza ngakhale ndi ine, mwina ayi, zimenezo sindingadziwe.

Koma Lachisanu lomwe lija, poweruka, ndinamudikira Felesta panjira. Chinali kundidya mumtima, ana inu, ndinkafuna kumva chimene mwana ameneyo anayenda nacho m'mutu masiku onse aja. Anatuluka womalizira, monga mwa masiku onse.

"Felesta," ndinatero, "pano palibe kalasi, tili awiri. Unati funso lija uyankha ndiwe. Unkafuna kunena chiyani?"

Anaima. Anayang'ana kugolosale, anayang'ana kumene kunakhala mayi ake. Ine ndinadikira, manja kumbuyo, ndipo ndikanadikira mpaka dzuwa kulowa.

"Analakwa, Sala," anatero. "Kudula mitengo n'koipa."

Atatero anapita kukawasenzetsa mayi ake mtolo wa nkhuni zotsala, iyenso n'kusenza wake, ndipo anatsetsereka onse awiri kulowera kumsika.

Basi, dzukani muzipita. Ine mundisiye ndikhale kaye pano.